MBIRI YA OPENYA MBALAME NDI NYAMA M'DZIKO LA KUMTUNDA: KATETE, SINDA NDI VUBWI

Kumapeto kwa dzinja, m'miyezi ya Febuluwale ndi Malici, pamene cimanga cakhwima ndipo ana ayamba kuotcha dowe, munthu woyenda pa mseu waukuru wocokera ku Petauke kunka ku Chipata aona zinthu zimene sadzaziona konse mu Juni. Pa mawaya a m'mbali mwa mseu pakhala anamzeze mazanamazana, ondandalika ngati mikanda pa cingwe. M'madambo ndi m'minda yogonera muyenda adokowe akuda a pamimba poyera, alikutola ziwala ndi nchemberezandonda. Madzulo, dzuwa liri pafupi kulowa, akabawi ang'onoang'ono otuwa auluka m'magulu pamwamba pa minda. Mphamba imene inasautsa anapiye kuyambira mu Ogasiti iyamba kusowa, ndipo lumbe wa nthenga ziwiri zazitali, amene anali kudzidzimutsa oyenda usiku mvula isanayambe, wacoka kale kapena ali pafupi kucoka. Pofika Meyi zonsezi palibe.

Palibe mwana wa sukulu ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi amene sanazione mbalamezi. Koma kuona ndi kwina, kulemba ndi kwinanso. Zimene ziri m'mabuku lero, zonena za kumene mbalamezi zicokera ndi za mwezi umene zifika ndi kucoka, zinasonkhanitsidwa pang'onopang'ono ndi anthu amene nchito yao yeniyeni inali ina: mphunzitsi, woyang'anira masukulu, wapolisi, bwana wa pa boma, ndi mnyamata wotsuka mbale. Mbiri yao iyenera kudziwika kwa aphunzitsi, pakuti awiri a iwo anali anthu a nchito ya sukulu, ndipo cida cao cacikuru cinali cimene ciri pa tebulo la mphunzitsi ali yense, ndico pensulo ndi tsiku la mwezi.

Openya oyamba anali eni dziko. M'mapanga a Makwe, m'dziko la Katete, ndi a Kalemba, kufupi ndi Chadiza, D. W. Phillipson anakumba pansi m'zaka za pakati pa 1966 ndi 1971, napeza zida za miyala ndi mafupa a nyama zakuthengo zimene anthu akale anadya. Ku Kalemba kunaoneka kuti anthu anakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Pa makoma a mapanga a dziko lino pali zithunzi, zina zofiira zakalekale, zina zoyera za masiku a Acewa, ndipo zina mwa zoyerazo ziri ndi maonekedwe a nyama. Komatu umboni woposa wa maso a makolo uli m'cinenero. Mzungu ali ndi mau awiri kapena atatu a tinyama timene Mcewa atitchula ndi maina ambiri: kapuku, mende, citute, phanya, tsambe, sakhwi, mfuko, bwampini, tchenzi. Mnyamata wokumba mbewa m'malimwe adziwa mwini una asanaike khasu pansi. Adziwa kuti citute anyamula cakudya m'masaya, ndi kuti mende akonda udzu wa kudambo. Brian Morris, amene anayamba kuphunzira za tinyamati ali kapitao pa munda wa tiyi ku Nyasaland, asanakhale mphunzitsi wa pa yunivesite ku London, anasonkhanitsa nzeru zotere m'buku lace la mu 1998, The Power of Animals, ndipo aphunzitsi ace ambiri anali anyamata a pamudzi. Cimodzimodzinso ndi mbalame. Anthu anadziwa kuti nsadzu atsogolera ku njuci, kuti nkhuta alira mvula iri pafupi, ndi kuti cisa ca nanchengwa ciri ndi khomo limodzi kunsi. Amene ananena kuti nkhanga zinapangana kusanapse anali atazipenyetsetsa nkhangazo.

Cinthu cimodzi cokha maso a pamudzi sanathe kuciona, ndico kumene mbalame zipita zikacoka. Ici sicocititsa manyazi ai. Ku Ulaya anthu ophunzira anakhulupirira zaka mazana ambiri kuti anamzeze agona m'matope pansi pa maiwe nthawi ya cisanu, ndipo ngakhale Linnaeus wa ku Sweden, amene anakonza dongosolo la maina a Cilatini a zamoyo, anabvomereza zimenezo. Gilbert White, mbusa wa mpingo pa mudzi wa Selborne ku England, analemba tsiku la kufika ndi la kucoka kwa anamzeze caka ndi caka, nasindikiza makalata ace mu 1789, koma anamwalira mtima wace uli wokayikabe. Tsono Azungu anali kudabwa kumene anamzeze apita mu Seputembala, ndipo Acewa anali kuwaona alikufika mu Okutobala. Mbali iri yonse inagwira theka la yankho, yosadziwa kuti theka lina liri kutsidya la nyanja.

Matheka awiriwo anakomana mwa njira yodabwitsa. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, munthu anaombera dokowe woyera amene anali ndi mubvi wautali wa ku Afrika wolasa m'khosi mwace; mbalameyo inauluka nao ulendo wonse, ndipo isungidwa kufikira lero ku yunivesite ya Rostock. Mu 1899 mphunzitsi wa sukulu ku Viborg, m'dziko la Denmark, dzina lace Hans Christian Mortensen, anayamba kubveka mbalame timphete topepuka ku mwendo, tolembedwa nambala ndi keyala, kuti wopeza mbalameyo adziwe kolembera. Njirayo inafala msanga. Namzeze wina anabvekedwa mphete ku Staffordshire, m'dziko la England, pa 6 Meyi 1911, nagwidwa pa famu ina kufupi ndi Utrecht, ku Natal, pa 23 Disembala 1912. Munthu wina anaona kampheteko, nawerenga keyala, nalemba kalata ku London. Pakadapanda kalata imeneyo, mphete ya ku Staffordshire ikadakhala kacitsulo cabe kotaika m'fumbi. Nzeru yonse ya maulendo a mbalame imangidwa pa masiku awiri otere, lina lolembedwa kumpoto ndi lina lolembedwa kumwera.

Za nyama zazikuru mbiri yace ndi ina, ndipo ndi yacisoni. Apwitikizi anadutsa dziko la Amaravi ndi Acewa pocokera ku Tete kunka kwa Kazembe, Lacerda mu 1798, Monteiro ndi Gamitto mu 1831 ndi 1832. Ndipo Gamitto analemba za miyambo, mbeu ndi nyama zimene anaona, m'buku limene linaturuka mu 1854. Koma mlendo aona dziko kamodzi, ndipo sangathe kunena umo linaliri caka catha kapena umo lidzakhalira caka camawa. Pambuyo pao dziko linasintha msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 mliri wotchedwa rinderpest unadutsa Afrika kucokera kumpoto, nupha ng'ombe, njati, nchefu ndi njiri zosawerengeka, ndipo kashembe anacepa pamodzi nazo. Mu Januwale 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikuru, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma linapatula malo ocepa oti eni dziko azikhalamo, nasunthira anthu ambiri m'menemo. Kumene anthu anacotsedwa thengo linamera, nguluwe ndi nyama zina zinabwerera, ndi kashembe pambuyo pao; kumene anapanikizidwa mitengo inatha ndipo nthaka inaguga. Mu 1941 boma linagula dziko la kampaniyo, niyamba kubwezeramo anthu. Wolemba mbiri Leroy Vail analongosola zimenezi mu 1977, naonetsa kuti kucuruka kwa nyama ndi kashembe m'zaka zimenezo kunali cipatso ca malamulo a anthu. Motero m'moyo wa munthu mmodzi nyama zinacepa, zinacuruka, ndi kucepanso. Ndipo tsopano pa minda ya cimanga, nshawa, thonje ndi fodya ya ku Katete ndi ku Sinda mwana akula osaona mbidzi kapena nchefu. Nyama ya nyanga imene aidziwa bwino ndi kasiyamaliro wa ku gule.

Pa nthawi yonseyi maso a boma ndi a alendo anali kuyang'ana ku Malambo, m'cigwa ca Luangwa. Kumeneko kunali nyamalikiti ya mtundu wace wace, imene mu 1911 inapatsidwa dzina la Thornicroft, bwana wa boma la Petauke. C. R. S. Pitman anaitanidwa kucokera ku Uganda kudzafufuza za nyama za Northern Rhodesia mu 1931 ndi 1932, ndipo lipoti lace linaturuka mu 1934. Mu 1938 mbali zina za cigwaco zinapatulidwa kukhala nkhalango zosungira nyama, ndipo mu 1950 Mfumu Nsefu anapangana ndi Norman Carr kuti alendo azidzaona nyama m'dziko lace polipira ndalama. Zonsezi zinali zabwino. Koma zinaphunzitsa anthu cinthu cimodzi colakwika, cakuti zamoyo zoyenera kuzipenya ziri ku Luangwa kokha, ndi kuti kumtunda kuli minda cabe.

Munthu amene sanaganize cotero anali woyang'anira masukulu. J. M. Winterbottom, wobadwa mu 1903, analowa nchito ya maphunziro ku Gold Coast, imene tsopano ndi Ghana, nasamutsidwira ku Northern Rhodesia, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1930 anakhala ku Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero. Masiku amenewo Katete ndi Vubwi anali pansi pa boma la Fort Jameson, Nyanje pansi pa Petauke, ndipo masukulu ambiri anali a mishoni, monga a Magwero, imene inayamba mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Nsadzu mu 1908. Nchito ya woyang'anira inali ya maulendo, pa galimoto pamene panali mseu, pa njinga kapena pansi pamene panalibe. Ambiri anayesa maulendo otere cotopetsa cabe. Winterbottom anayenda ndi kabuku m'thumba.

Njira yace iyenera kulongosoledwa, pakuti ndiyo imene munthu wosauka angathe kuitsata. Alendo ambiri a nthawi imeneyo anali kufuna mbalame yacilendo, yoti aiombere, aisende, natumize cikopa cace ku London kuti ipatsidwe dzina. Mtima wa Winterbottom unali pa funso lina: kodi mbalame wamba ziripo zingati, ndipo zioneka kangati? Anali kulemba mndandanda wa mitundu yonse imene waona pa malo amodzi, pumbwa ndi njiwa pamodzi ndi zosowa, nabwereza tsiku lina, ndi linanso. Mndandanda umodzi wotere ulibe phindu lalikuru. Ali yense adziwa kuti pumbwa alipo. Koma mindandanda yambiri ikaikidwa pamodzi iyamba kulankhula. Ionetsa mbalame imene ipezeka miyezi yonse ndi imene ioneka m'dzinja mokha, imene ikonda dambo ndi imene ikonda phiri, imene iri kucuruka ndi imene iri kucepa. Kusowa kwa mbalame pa mndandanda kukhala umboni wolingana ndi kupezeka kwace, ndipo ici ndico cimene mlenje wa zacilendo sangathe kupereka, pakuti iye alemba tsiku limene waona codabwitsa, nasiya masiku ena onse. Zolemba za Winterbottom za mbalame za dziko lino zinaturuka m'magazini ya Ibis mu 1936 ndi 1938, ndipo mu 1939 anasindikiza mndandanda wa mbalame za Northern Rhodesia yense.

Cina cimene anacipenyetsetsa ndico magulu a mbalame a m'miombo. Ali yense wokatola bowa kapena masuku adziwa kuti munthu angayende nthawi yaitali m'nkhalango yotere osamva kanthu. Ndiyeno mwadzidzidzi mitengo idzala ndi timbalame ta mitundu khumi kapena kuposa, tirikuyenda pamodzi, tina pa makungwa, tina kunsonga kwa nthambi, gogomole alikugogoda pa thunthu, ndi nthengu ali pakati alikudikira tizirombo touluka tobvumbulutsidwa ndi anzace. Posacedwa gululo lapita, ndipo kuli zii. Winterbottom analemba magulu otere limodzilimodzi, nawerenga mitundu ya m'gulu liri lonse, nasindikiza zimene anapeza mu 1943 ndi 1949. Ophunzira za magulu a mbalame a m'maiko otentha azitchulabe zolembazo. Mu 1960 munthu amene anali woyang'anira masukulu uja anasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa Percy FitzPatrick Institute, nyumba yophunzirira za mbalame za Afrika ku Cape Town. Anamwalira mu 1984.

Ku Fort Jameson komweko kunali D. Gordon Lancaster, wapolisi amene pambuyo pace analowa nchito ya za nyama. Mu 1937 analemba za zaka ndi mibadwo ya mafumu a Angoni, ndipo mu 1953 anaturutsa mndandanda wa nyama zoyamwitsa za Northern Rhodesia, umene W. F. H. Ansell anaukulitsa m'mabuku ace a mu 1960 ndi 1978.

Koma dzina limene limveka koposa pa mbiri ya mbalame za maiko ano ndi la C. W. Benson, ndipo pambali pace payenera kuima dzina la Jali Makawa. Benson anafika ku Nyasaland mu 1932 kudzagwira nchito ya boma, yoweruza milandu ndi kusonkhetsa msonkho, nakhala m'maboma osiyanasiyana zaka 20. Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique, analowa m'nyumba ya Benson ngati tsukambale, wothandiza wophika. Posacedwa bwanayo anazindikira kuti mnyamatayo ali ndi maso ndi makutu oposa ace. Anali kudziwa mbalame ndi kulira kwace isanaoneke, anali kutha kuyerekeza kulirako kufikira mbalameyo ifika pafupi, ndipo anaphunzira kusenda ndi kukonza zikopa mwaluso. Mu 1945 Benson anamtuma ku mapiri a Njesi, m'dziko la Niassa kum'mawa kwa nyanja, ndipo anabwerako ndi kambalame ka mlomo wautali kamene kufikira pamenepo kanali kudziwika ku mapiri a Usambara okha, ku Tanganyika. Mu 1952 Benson anasamukira ku Northern Rhodesia kukalowa nchito ya za nyama, ndipo Makawa anapita naye. Mndandanda wa mbalame za Nyasaland unaturuka mu 1953, ndipo wa Northern Rhodesia, wolembedwa pamodzi ndi C. M. N. White, nayenso bwana wa boma, unaturuka mu 1957. Mu 1958 awiriwa anakafika ku zisumbu za Comoro, kumene pa phiri la Karthala anapeza kadzidzi wamng'ono amene anali asanalembedwe m'buku liri lonse.

Dzina la Makawa liri tsopano m'maina a Cilatini a mbalame zingapo. Anamwalira mu 1995, ndipo Nancy Jacobs analemba mbiri yace m'buku la mu 2016, Birders of Africa. Kunena zoona, Makawa akumbukika cifukwa Benson anali ndi cizolowezi cabwino cotchula dzina lace polemba. Panali ena ambiri, amtengatenga, amesenjala, alenje ndi anyamata oweta ng'ombe, amene analoza cisa, kapena kutchula dzina la mbalame, kapena kunena mwezi umene iikira mazira. Ndipo m'mabuku a nthawi imeneyo atchulidwa ngati eni dziko cabe, opanda maina. Mabukuwo ndi olondola pa za mbalame, koma pa za anthu ali ndi mangawa.

Mwa kupenya kotere dziko la kumtunda linapezeka kuti liri ndi cuma cace cimene cigwa ca Luangwa ciribe. Pa mapiri a matanthwe akuruakuru, pamene mitengo imera pakati pa miyala, pakhala mbalame yakuda ngati mwaye, yoposa pumbwa pang'ono, ya mawanga oyera pa mapiko ndi kunsonga kwa cipsepse. Ithamanga pa thanthwe, ndipo ikatera itukula mapiko pang'onopang'ono, mawangawo naoneka. Kulira kwace kunga kwa gudumu la ngolo losadzozedwa mafuta. M'mabuku a Cingerezi itchedwa Boulder Chat, ndiko kunena mbalame ya m'matanthwe, ndipo m'Cilatini Pinarornis plumosus. Pa dziko lonse lapansi ipezeka ku Zimbabwe, kum'mawa kwa Botswana, mbali zina za Mozambique ndi Malawi, ndi kuno kum'mawa kwa Zambia. Pamene Peter Leonard anasindikiza mu 2005 buku la malo 42 ofunika koposa pa mbalame m'Zambia, mapiri a Nyanje, amene tsopano ali m'boma la Sinda, analembedwa m'buku limodzi ndi Kafue, Bangweulu ndi Luangwa. Mbalameyi siyenda maulendo ai. Ikhala pa phiri lace caka conse, ndipo cifukwa cace nkhwangwa ya wootcha makala iri ndi mphamvu pa iyo yoposa imene iri nayo pa namzeze. Phiri likametedwa, iyo iribe kwina kopita.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nchitoyi inalowa m'manja mwa anthu ambiri. Mu 1969 kunayamba bungwe la Zambian Ornithological Society, limene tsopano litchedwa BirdWatch Zambia, ndipo ziwalo zace zambiri zinali anthu a nchito zina, openya mbalame pa Loweruka ndi pa cuti. Anali kutumiza zimene aona, ndi tsiku ndi malo, ndipo zinali kusindikizidwa m'kalata ya bungwelo. Buku la Benson ndi anzace atatu, The Birds of Zambia, linaturuka mu 1971. Pambuyo pace dziko lonse linagawidwa pa mapu m'mabwalo oposa 300, liri lonse la makilomita ngati 55 m'litali ndi m'lifupi, ndipo mbalame iri yonse yooneka m'bwalo inalembedwa pa bwalolo. Nchitoyo inatenga zaka zoposa 30. Buku lace, la R. J. Dowsett, D. R. Aspinwall ndi F. Dowsett-Lemaire, linaturuka mu 2008 ndi mitundu yoposa 750, Aspinwall atamwalira kale. Ndi njira ya Winterbottom yomwe ija, yocitidwa ndi manja ambiri.

Tsono alendo a kumapeto kwa dzinja aja adziwika tsopano kwao. Namzeze wa pa mawaya aswera ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia; kuno samanga cisa konse, angodya, nasintha nthenga, nanenepa kukonzekera ulendo, ngakhale kulemera kwace sikufika magalamu 25. Namzeze womanga cisa ca dothi pa khonde la sukulu ndi wa mtundu wina, wa mu Afrika momwe muno, ndipo mphunzitsi wosiyanitsa awiriwa pamaso pa ana wawaphunzitsa zambiri ndi mau ocepa. Dokowe wakuda aswera m'maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara, kuyambira ku Senegal kufikira ku Ethiopia, kumene amanga zisa m'midzi momwe ndipo anthu amlandira ngati mthenga wa mvula. Mvula ikatha kumeneko atsata ya kuno. Lumbe acita mosiyana, pakuti iye aswera kuno. Aikira mazira pansi m'miombo mvula isanakhazikike, wamwamuna nataya nthenga zace zazitali zija, ndipo kumapeto kwa dzinja onse apita kumpoto, ku maiko onga Uganda, Sudan ndi Nigeria.

Ulendo woposa yonse ndi wa akabawi otuwa aja. Aswera kum'mawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China, m'dziko la mtsinje wa Amur, kumene atenga dzina lao. Pobwera adutsa India, naoloka nyanja yaikuru kunka ku Afrika, makilomita ngati 3,000 popanda potera. Njira imeneyi inatsimikizika mu 2010, pamene akabawi angapo ogwidwa ku Newcastle, ku South Africa, anabvekedwa timawailesi topepuka totumiza mau ku setilaiti. Mu 2012 kunamveka kuti pa damu la Doyang, m'dziko la Nagaland kumpoto ca kum'mawa kwa India, akabawi zikwi zambiri anali kukoledwa m'maukonde caka ndi caka nagulitsidwa ngati ndiwo. Caka cotsatira midzi ya kumeneko inaleka kuwapha, ndipo pakati pa njira zimene zinathandiza panali makalabu a ana, otsogozedwa ndi aphunzitsi, ophunzitsa za ulendo wa mbalameyo. Kabawi amene mwana wa ku Vubwi amuona pamwamba pa munda mu Malici angakhale mmodzi wa opulumuka kumeneko.

Zambia inali itayamba kale njira yotere. Mu 1972 bungwe losamala zamoyo zakuthengo, limene linayamba mu 1953, linayambitsa makalabu a Chongololo m'masukulu a pulaimale, ndi magazini yace ya ana, ndipo ana ambiri anaphunzira m'menemo maina a njobvu, cipembere ndi mkango. Cimene cinacepa kawirikawiri ndi mbali ya Winterbottom, ndiyo kulemba zamoyo wamba za pa khomo, ndi tsiku lace. Pamenepa sukulu ya kumudzi iposa katswiri wa ku Lusaka, pakuti katswiri afika masiku atatu napita, koma sukulu ikhala pa malo amodzi zaka makumi ambiri. Buku la zocitika za pa sukulu, m'mene mphunzitsi wamkuru alemba za kufika kwa woyang'anira ndi za denga losasuka ndi mphepo, liri kale ndi mzere wa tsiku ndi dzina la malo. Mzere umodzi wonena kuti lero adokowe 40 anaoneka kudambo, kapena kuti sabata ino anamzeze sanaonekenso pa mawaya, pamodzi ndi dzina la mbalameyo m'Cicewa kapena m'Cinsenga ndi dzina la mwana amene anaiona, ndi umboni wa mtundu womwewo umene buku la mu 2008 linamangidwa nao. Ndipo umboni wotere sungapangidwe pambuyo pace; tsiku likapita losalembedwa, lapita.

Kucoka kwa alendowo kuli ndi dongosolo lace. Lumbe ndi mphamba ndiwo ayamba, mu Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malici. Akabawi a ku Amur ndi adokowe akuda atsata, ndipo anamzeze a ku Ulaya, amene asonkhana m'magulu akuru koposa masiku otsiriza, atha kucoka mu Epulo. Pamene ana abwerera ku sukulu mu Meyi, cimanga ciri pa mikukwe, akabawi ali kufupi ndi kwao ku Mongolia, ndipo pa matanthwe a Nyanje mbalame yakuda ya mawanga oyera ija iri pomwepo.